Dzina Lotsala pa Mpira wa a Lyle

Erie, Pennsylvania
16 Seputembala 2003

Okondedwa akulu anga a Verna,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Emmett, ndiponso kuti kutentha kwa ku Arizona kwayamba kukuchitirani chifundo. Kuno kwayamba kale kuzizira m'mawa. Bulangete lija linafika, ndipo amuna anga a Lyle amalifunda m'miyendo tsiku lonse. Akuthokoza, ngakhale akuti mtundu wake ndi wa timu yolakwika.

Bedi lawo tinalitsitsira m'chipinda chochezera poti masitepe sakuwathanso. Akupumira m'kachubu usana ndi usiku, ndipo adokotala asiya kunena za chaka chamawa. Koma lero ndikufuna kukuuzani zimene zinandichitikira Loweruka. Mpaka pano mtima sunakhazikike, ndipo pali mbali ina ya nkhaniyi imene sindingauze amuna anga.

Mukuukumbukira mpira wawo wachikopa wa masewera a besibo, uja amausunga m'sokosi? Ndi wa timu ya chaka chimene tinakwatirana. Osewera analipo 25, ndipo a Lyle anapeza masiginecha 24, onse kumpanda wa kubwalo, pamene osewera ankadutsira popita kumagalimoto awo. Ankaponya mpirawo pamwamba pa waya, wosewera n'kuwakha, n'kusaina, n'kuubweza. Lamulo lawo mukulidziwa, poti analilalikira ngakhale paukwati wa mwana wanu: siginecha yogula ndi lisiti chabe. Munthu akupatse yekha, ataimirira, akukuyang'ana kumaso.

Dzina lotsala linali la a Hollis Brandvold, woponya wamanzere uja amene ankachititsa anthu kujomba kuntchito tsiku limene akusewera. Iwowo sankasainira munthu. Ankatulukira khomo lina, ndipo atasiya mpira anakabisala kufamu kwawo ku Montana. Makalata asanu ndi awiri amene a Lyle anawalembera anabwerera onse osatsegula. Komabe amuna anga anawasungira malo aulemu, pakati paja pamene misoko iwiri yofiira imayandikana. Kwa zaka 41 pamenepo pakhala poyera.

Ndiye sabata yatha nyuzipepala inalemba kuti a Brandvold akubwera kuholo yaikulu ya m'tauni muno, kumsika wa zinthu zamasewera, kudzasaina pamtengo wa madola 60 dzina limodzi. A Lyle anandiitana ndi dzina lija amanditchula masiku onse.

"Aphunzitsi, mwaona?"

"Ndaona. Madola 60."

"Mwaona zosafunika. Ine ndaona kuti munthuyo adzatsika m'galimoto. Kuchokera pagalimoto kukafika pakhomo, adzayenda pansi ngati ife tomwe."

"Ndiye mukufuna nkhalamba ya zaka 70 ikathamangitse nkhalamba inzake pabwalo la magalimoto?"

"Ine munandithamangitsa n'kundigwira."

"Inu munali mutangoima, mukudikira."

Anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwa, ndipo ndinachita kuwadzutsa kuti apume. Atapeza mpweya anandipatsa bolopeni yawo ya buluu, poti inki ina imayenderera pachikopa. Kenaka anandigwira mkono.

"Koma osalipira, Bernadine. Bola mpirawo ukhale choncho wosakwanira."

Loweruka ndinalawirira kukaima kukhomo lakuseri kwa holoyo. Ndinapezako anthu khumi ndi mmodzi amaganizo ngati anga, aliyense atabisa kake m'jekete. Tinazizidwa maola awiri. Kenaka kunabwera galimoto yamagalasi akuda, chitseko chachikulu chachitsulo chinakwera, galimoto inalowa yonse m'kati, chitseko n'kutsika. Sitinaone ngakhale chipewa chawo. Mlonda anandiyang'ana mwachisoni.

"Agogo, khomo la ndalama lili kutsogoloko."

Anzanga aja anabalalika akutukwana. Ine ndinatsala ndikuwerengera m'mutu, monga mwa chizolowezi changa. A Brandvold ali ndi zaka 76 ndipo aka n'koyamba kuonekera pagulu chisiyireni mpira. A Lyle ali momwe ndakuuziranimo. Ndinayesa uku ndi uku, yankho linali limodzi. Ndinazungulira kutsogolo, a Verna, ndipo ndinagula. Tikiti nambala 212.

M'katimo munali ngati kubanki tsiku la malipiro. Pachikwangwani analembapo kuti osajambula, osapereka moni wa dzanja, osacheza, ndipo ofuna mawu owonjezera pa dzina awonjezere madola 20. Ndinayang'ana wotchi ndipo ndinapeza kuti munthu aliyense ankatha masekondi asanu ndi anayi patebulo. Kumbuyo kwanga kunali bambo wina wonenepa, dzina lake Duane, wogulitsa zinthu zoterezi, atanyamula bokosi la mipira yatsopano. Nditatulutsa wathu kuti ndiupukute, anatsala pang'ono kugwetsa bokosi lake.

"Mayi, mukudziwa chimene mwanyamula m'sokosimo?"

"Mpira wa amuna anga."

"Mdala uja akangosaina pakatipo, ndikupatsani madola 3,000 pompano. Sokosi mutsale nayo."

"Sokosiyo ndiye ndingakugulitseni. Ndinaluka ndine."

"Amuna anuwo ali ndi mwayi," anatero. "Mkazi wanga akanagulitsa mpira, sokosi, ndi ine ndemwe."

Ndinafika patebulo. Ndinaona nkhalamba yamapewa aakulu, tsitsi lonse mbuu, kachipangizo kothandiza kumva kali kukhutu. Sankadzutsa mutu. Pambali pawo panali bambo wa tayi amene ankalandira chinthu kwa munthu, kuboola tikiti, n'kuchikankhira kwa iwo. Dzanja lawo lamanzere, lija tinkaliimbira nyimbo, linkanjenjemera moti bolopeni inkagogoda patebulo. Bambo wa tayi anaboola tikiti yanga n'kutambasula dzanja kuti alandire mpira, koma ine ndinamulambalala. Ndinauika m'dzanja la a Brandvold eni ake.

A Verna, ndikulemba zimene ndinaona ndi maso anga. Zala zawo zinafufuza misoko zokha, ziwiri pamwamba, chachikulu pansi, ndipo kunjenjemera kuja kunaleka. Dzanja linangoti zii, ngati la mnyamata. Anayamba kuutembenuza mpirawo pang'onopang'ono, akuwerenga maina mokweza, limodzi limodzi, ngati wansembe pamwambo wokumbukira akufa. Ena ankawatchula ndi maina awo achibwana amene ife sitinawamvepo. Atafika pa dzina la a Sal Petrakis anaima.

"Uyu anawakha mipira yanga zaka zisanu ndi zinayi. Ankalemba ngati nkhuku ikupalasa. Tinamuika m'manda mwezi wa Marichi."

Ndinaloza pakati paja ndi chala.

"Mukusowa inu nokha, Bambo. Amuna anga anakusungirani malo awa."

Apo m'pamene anadzutsa mutu n'kundiyang'ana.

"Mwawerenga molakwa, Mayi. Tikusowa awiri. Apa ndi pa a Clem."

Ankanena a Clem Yoder, kochi wa timuyo, amene anamwalira chaka chomwecho nyengo ya masewera itangotha. A Lyle sanawawerengere chifukwa sankasewera, ndipo inenso zaka zonsezi ndinkangoti 25.

"Pampira wa timu, pakati ndi pa kochi," anatero a Brandvold. "Wosewera sakhalapo, atchuke bwanji. Ndikasaina apa, anyamata onsewa andiseka, ndipo ambiri mwa iwo ndikaonana nawo posachedwa."

Ndinaphunzitsa masamu zaka 34, ndipo aka kanali koyamba munthu kundiuza kuti ndalakwitsa kuwerenga ine n'kumva kukoma.

Bambo wa tayi anagogoda wotchi yake. "Bwana, anthu akudikira."

"Adikire. Ine anthu awa ndinawaona liti ali pamodzi?" Kenaka anatembenukira kwa ine. "Anawapeza kuti mainawa?"

"Kumpanda wa kubwalo."

"Onse?"

"Onse. Ndipo ponditumiza anati ndisalipire."

Anayang'ana tikiti yoboola ija m'dzanja langa. "Koma mwalipira."

"Ndalipira."

"Bwanji sanabwere okha?"

"Sakutulukanso m'nyumba."

Sanafunse zambiri. Anauyang'ananso mpira uja kanthawi, n'kundibwezera osasaina.

"Chilichonse chimene ndingalembe pansi pa denga lino ndi cha bambo wa tayiyu. Kunjaku kuli mpanda?"

"Ulipo, kuseri."

"Folo koloko."

Ndinachoka patebulopo. Duane anandinong'oneza ndikudutsa kuti, "Pepani Mayi, madola 60 mwagula nkhani." Ndipo kunena zoona, ndinaopa kuti akunena zoona. Tikiti inali itaboola, mpira unali momwe unabwerera, ndipo munthu amene anandilonjezayo ndi yemwe uja anabweza makalata asanu ndi awiri.

Folo koloko inandipeza kumpanda. Ndi wawaya, wautali kuposa anthu awiri, geti lake lokhoma ndi loko. Nthawi inakwana, inapitirira. Duane anabwera kudzaima pambali panga akudya soseji ya m'banzi, akuti akufuna aone mathero ake. Patapita mphindi makumi awiri kachitseko kakang'ono kanatseguka, ndipo a Brandvold anatuluka okha, akuyenda ndi ndodo. Anadutsa bwalo lonse la magalimoto mpaka anafika pawaya, maso ndi maso ndi ine.

Bolopeni inalowa pabowo la waya bwinobwino. Mpira sukanalowa.

"Ponyani," anatero.

Ndinaponya. Unagunda waya n'kubwerera, ndipo Duane anaugwira usanagwe pansi.

"Mayi, timu ikusowa anthu ngati inu," anatero akundipatsa. "Ponyerani kumwamba, osati kutsogolo."

Kachiwiri unadutsa, koma mokhota, kutali ndi pamene anaima. Sindikudziwa kuti anachita bwanji. Mapazi sanasunthe, dzanja lamanja linangotuluka, mpira n'kukhala m'menemo. Anatsamira mpanda, nalemba pang'onopang'ono, chilembo chimodzi chimodzi, pakampata kakang'ono pansi pa dzina la a Petrakis. Anauzira inki kuti iume. Ndinkaganiza kuti angouponya mwachisawawa, koma anakoleka ndodo yawo pawaya.

"Bwererani m'mbuyo, Mayi. Pitirizani. Basi pomwepo. Ikani manja pachifuwa, chonchi. Musasunthe ndipo musatsinzine."

Nawonso anabwerera m'mbuyo. Anaima chammbali, nabisa mpira pamimba, nayang'ana paphewa, ndipo ndinawazindikira. Anali yemwe uja tinkamuonera kuchokera m'mipando yotchipa, ine nditavala diresi lachikasu, a Lyle akulephera kumeza chakudya. Mwendo sunakwere ngati kale, unangonyamuka pang'ono. Koma mkono unazungulira chimodzimodzi. Mpira unakwera, unadutsa waya, unachita ngati waima m'mwamba, kenaka unatsika n'kulowa m'manja mwanga, pomwe anandiuza kuti ndiwaike. Sindinautsate ayi, unandipeza wokha. Chikhatho chinachita kuwawa pang'ono, ndipo ndinamva fungo la chikopa.

Duane anavula chipewa. Za madola 3,000 sanazitchulenso.

A Brandvold anatenga ndodo yawo. "Mukawauze amuna anu kuti pepani ndachedwa," anatero, n'kubwerera m'holo. Chifukwa chimene sankasainira anthu zaka zonse zija sindinafunse, ndipo sindikuona kuti chikundikhudza.

Kunyumba a Lyle anautenga mpira ndi galasi lawo lokuzira zilembo, nauyang'ana nthawi yaitali.

"Munalipira?"

"Anasainira kumpanda, ndi bolopeni yanu."

"Kumpanda?"

"Ndinaponya, anawakha, anasaina, anabweza."

Palibe liwu labodza pamenepo, a Verna, mukhoza kuwerenga nokha. Anandiyang'ana pamwamba pa galasi lija, monga ndinkayang'anira ana obweretsa yankho lokhoza popanda kuonetsa njira. Koma sanafunsenso. Nditawauza za malo apakati anati, "Zoona. A Clem. Ndinali mwana, sindinkadziwa." Anasisita poyera paja ndi chala, ndipo akuti pakhale choncho. Kenaka anati ndiwaonetse dzanja limene linawakha. Analitembenuza uku ndi uku ngati ndabwera nalo lachilendo, ndipo anagona ataligwira. Kuyambira Loweruka andifotokozetsa za kuponyako kasanu ndi kamodzi, ndipo nthawi iliyonse amafunsa ngati mpira unkazungulira kapena ayi. Ndimawauza kuti sindinaone, ndinkangoona thambo.

Tsono ndili ndi zopempha ziwiri. Tikiti ija ndaiika m'envelopu muno. Kuitaya ndalephera, ndipo m'nyumba muno singakhale. Mundisungire m'Baibulo mwanu, ndipo alamu asaione, poti mukudziwa kuti iwo nkhani imawayabwa pakamwa.

Chachiwiri, munalemba kuti mudzabwera pa Khirisimasi. Musadikire Khirisimasi. Bwerani mwezi wamawa, kumayambiriro. Chipinda cham'mwamba chili chokonza, ndipo ndidzakuchingamirani kubwalo la ndege.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa mwana wanu Joanne ndi ana ake, ndi kwa mayi aja oyandikana nanu amene anatiphikira keke ya mandimu. A Lyle akupereka moni kwa nonse. Ndawauza kuti ndikukulemberani, ndipo akuti mufulumire, mudzagwire dzanja limene linawakha mpira wa Brandvold iwo akadalipo kuti akuuzeni kagwiridwe kake. Akuti inu sadzakulipiritsani.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Bernadine