Dzina la Mwana wa Asiyatu

Achimwene,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tonse tili bwino, kupatula mwendo wa amayi womwe uja.

Mwana wanga Asiyatu wachira, ndi mwana wamwamuna. Matenda atamuyamba kwa Mponda, kabaza anasowa chifukwa cha mvula. Amene anatiimira ndi galimoto ndi a Winter, Mtchaina wogulitsa zitsulo uja munkamuseka dzina. Anatifikitsa kuchipatala, ndipo sanachoke mpaka mwana atalira.

Amayi powathokoza anafunsa kuti, "Dzina lachizunguli anakupatsani ndani?"

Iwo anati, "Ndinadzipatsa ndekha, poti langa limavuta anthu. Kwathu ndinachoka m'nyengo yachisanu."

"Nanga amayi anu amakuitanani kuti chiyani?"

"Haoran."

Amayi analibwereza mpaka lilime linazolowera. Bambo aja anatembenukira kukhoma n'kupukuta maso. Akuti chifikireni ku Mangochi palibe anawaitanapo choncho.

Ndiye achimwene, mwini mbumba ndinu. Ashehe apereka dzina lachisilamu la mwanayu, koma la pakhomo tiloleni likhale Haoran, kuti mwiniwakeyo azilimva akamadutsa. Muyankhe msanga. Allah akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Patuma