Chipsera cha a Simão

3 Febuluwale
Abwera nawo a Simão, msodzi wa ku Kavalamanja. Akazi awo, a Genoveva, ati masiku anayi sazindikira ana awo. Malungo ndapima, palibe. Shuga ili bwino. Thupi losatentha, khosi lofewa. A Robson, akulu a kiliniki yathu, angowanunkhiza n'kuti, "Kachasu uyu, a nesi, abwerere kwawo." Amamwadi, inde. Koma kuledzera kwa masiku anayi? Ndawagoneka, wina afune asafune.

4 Febuluwale
Ndawafunsa a Simão tsiku, ati Khirisimasi. Ndati afinye zala zanga. Dzanja lamanja mphamvu, lamanzere ngati la khanda. Achibale akufuna kuwawolotsa ku Zumbo kwa mneneri. Ndaima pakhomo. Mlamu wawo ati, "Kodi ndi amuna anu?" Ayi, ndi odwala anga.

5 Febuluwale
Tulo tachuluka, kudzuka mpaka kuwatsina. Pa tochi, mwana wa diso lakumanja wakulirapo. Ndafunsa kachitatu ngati anagwapo. A Genoveva maso pansi. Mantha andigwira, sindinama. Powapukuta ndapeza chipsera kuseri kwa khutu lamanja, tsitsi linameranso kale.

Ndatulutsa onse, ndatseka chitseko, tatsala ine ndi a Genoveva. Aulula. Chaka chitangoyamba mvuu inagubuduza bwato, mutu unamenya thabwa. Anadzuka, anayenda okha. Banja linapangana kusanena, poti kugwira nsomba n'koletsedwa mpaka Malichi, a boma angawamange n'kulanda maukonde. Mwezi wathunthu magazi akudontha m'chigaza, anthu akubisa ukonde!

6 Febuluwale
A Robson akana kusaina kalata yotumizira a Simão ku chipatala chachikulu. Ati tikachita manyazi ku Lusaka ndi chidakwa. Ndasaina ndekha, Thecla, zilembo zikuluzikulu. Akandichotsa andichotse. A Genoveva achonderera ndilembe kuti anagwa panjinga. Ndalemba: anamenya mutu, masabata asanu apitawo. Za nsomba si ntchito yanga. Ambulansi yanyamuka m'mawa womwewu.

11 Febuluwale
Foni ya a Genoveva. Atawajambula mutu, magazi analimodi. Awaboola chigaza, magaziwo awachotsa. Lero a Simão aitana akazi awo ndi dzina lawo, afunsa za ana. Koma dzanja lamanzere silikugwira, madokotala ati akanafika msanga. Msodzi wa dzanja limodzi.

A Robson ati ndinangochita mwayi. Anene. Chondiwawa n'china. Masiku awiri ndinkafunsa mokweza, achibale onse ali pomwepo. Chitseko chija ndikanatseka tsiku loyamba.