Chitseko Chathu Chabwerera

Okondedwa amalume a Jafeti,

Moni kuchokera kuno kwa Mwambo. Ife tilipo, kungoti matenda a kolera avuta, ndipo kugulitsa matemba, komwe timadalira, aletsa. Lendi itatikanika, eni nyumba, a Makisoni, anadzazula chitseko chathu kuti tisamuke.

Koma amalume, mayi Estere a komiti ya zaumoyo ndi ntchembere yeniyeni! Anakachisenza pamutu chitsekocho dzuwa likuswa mtengo, nkudzachiimika pakhomo pathu. Anati, "A Makisoni, mukawathamangitsa anthuwa, matendawa apita nawo kwa yani?" Komiti yalamula kuti wa lendi aliyense asatulutsidwe mpaka mliriwu utatha.

Tsopano tikugona motseka. Mwana wanga Loveness ndamuyalira mphasa pafupi ndi chitsekocho, poti kuyambira dzulo akungotulukatuluka kupita kuchimbudzi. Mwina ndi mango chabe.

Ndatha ine mwana wanu,
Emma