Guluu wa Feluti m'Mabokosi a Zikho za Mgonelo

BUNGWE LA AKALIPENTALA LA TIYESEKO, KACHOLOLA
Msonkhano wa komiti, Loweluka pa 14 Seputembala 1996, m'shedi yopalila matabwa.

Opezeka: a Whiteson Mwanza (Wapampando), a Sitefano Daka (Mlembi), amai Agness Lungu (Msungichuma), a Benson Sakala.
Woitanidwa: Rhoda Daka, mwana wa Mlembi, amene anaphunzila ukalipentala ku Chipata.
Osapezeka: a Eustace Tembo, ali kumalilo ku Msanzala.
Mau awa ananena ndi Mlembi, ndipo aphunzitsi a Mubiana, amene analipo pamsonkhano, analemba monga anawamvela.

1. Kutsegula
Amai Lungu anapemphela. Zokambilana za mwezi watha zinavomelezedwa.

2. Guluu womatila feluti
2.1 Wapampando anakumbutsa kuti mpingo wapempha mabokosi khumi onyamulila zikho za mgonelo panjinga popita kumidzi. M'kati mwake muyenela kumatidwa feluti, nsalu yokhuthala ngati ya chipewa, kuti zikho zisakandike. Anati kale sitolo ya boma inali ndi guluu wa mtundu umodzi, ndipo kumupeza unali mwayi. Lelo malile anatseguka, aliyense m'mbali mwa mseu akugulitsa wake, ndiye pafunika kusankha ndi maso.

2.2 Mwezi watha komiti inagwilizana kuti anthu atatu apange bokosi limodzi aliyense. A Sakala anamata ndi guluu wa nsapato. Mlembi anamata ndi phala la chinangwa, monga ankachitila kwao ku Mozambiki nkhondo isanawathamangitse. Rhoda anamata ndi guluu woyela wa matabwa. Mabokosiwo anasungidwa m'chipinda cha chimanga cha amai Lungu, opanda maina pamwamba. Wopambana ndiye adzagwila ntchito yonse. Rhoda akapambana adzalandilidwanso m'bungwe, kukhala mkazi woyamba pabenchi yopalila matabwa.

2.3 Bokosi loyamba litatsegulidwa, fungo linatulutsa anthu misozi, ndipo guluu anali atabooleza feluti n'kuuma mawangamawanga. Amai Lungu anati, "Chikho cha Ambuye chizinunkha ngati chagona kwa wosoka nsapato?" A Sakala anavomela kuti ndi lao, nati fungo limatha. Amai Lungu anati latha mwezi m'nyumba mwao, nkhuku zinasiya kulowamo.

2.4 M'bokosi lachiwili munatuluka mphemvu, ndipo ina inakwela buluku la Wapampando. Feluti anali atadyedwa kunsi n'kumatuka. Msonkhano unayamba waima kaye.

2.5 Bokosi lachitatu linali laukhondo, feluti wosalala mpaka m'makona. Wapampando anamukoka ndi zala, sanamatuke. Analigwetsa pansi, osasintha.

2.6 Wapampando anati lachitatulo ndi dzanja la munthu wamkulu, pakuti phala la a Daka lamata mabuku a nyimbo kuchalichi zaka zambili. Anati guluu woyela wa masiku ano amamusungunula ndi ufa, n'chifukwa chake waitana alendo m'bokosi lachiwili. Anauza Rhoda kuti, "Usadandaule, mwanawe. Ukalipentala si kuphika." A Sakala anati mapoto akumudikila. Wapampando anafunsa ngati Rhoda ali ndi mau asanapeleke ntchito kwa Mlembi. Rhoda anagwada, nayang'ana pansi, nati, "Ndilibe mau, bambo."

2.7 Mlembi akufuna zidziwike kuti mwanayo ankalidziwa bokosi lake. Anakhala chete chifukwa analeledwa kuti sachititsa manyazi atate ake pagulu.

2.8 Mlembi anaimilila nati, "Bambo Wapampando, tembenuzani bokosi la mphemvulo." Kunsi kwake kunali kamtanda kootcha ndi msomali, chizindikilo chimene Mlembi amaika pa chilichonse chotuluka m'manja mwao. Mlembi anati, "Phala ndinaphika ndine. Mabuku a kuchalichi timawatsegula sabata iliyonse, koma bokosi limagona lotseka mumdima. Mphemvu zadya phala langa, zisadyenso ntchito ya mwana wanga." Amai Lungu anafunsa kuti tsopano amene mapoto akumudikila ndani. Wapampando anati funsolo silili pa mndandanda.

2.9 Atapemphedwa, Rhoda anafotokoza kuti guluu amagula wa m'botolo losatsegulidwa. Amamupaka pathabwa, osati pafeluti, wopyapyala ndithu, n'kudikila mpaka ayambe kugwila chala. Kenaka amayala feluti kuyambila pakati kupita m'mbali, n'kutsendela ndi kathumba ka mchenga mpaka m'mawa. A Sakala anafunsa kuti mchengawo ndi wa kumtsinje kapena wa pabwalo. Anayankhidwa mwaulemu kuti uliwonse, bola wouma.

2.10 Chigamulo: mabokosi onse amatidwe ndi guluu woyela, ntchito agwile Rhoda Daka, ndipo alandilidwe m'bungwe. Anaika ganizoli ndi amai Lungu, anathandizila ndi Mlembi. Onse anakweza manja. La a Sakala linachedwa, iwo anati ndi nyamakazi.

3. Zina ndi zina
3.1 Wapampando anapempha kuti za buluku zisalembedwe. Aphunzitsi a Mubiana anafunsa Mlembi ngati za mphemvu zonse zingochotsedwa, kuti dzina lao lisaipe. Mlembi anakana, nati zikachoka mphemvu, wowelenga sadzadziwa kuti mwana wao anapambana yani. Wapampando anati ngati zili choncho, buluku likhale.

3.2 Mlembi analengeza kuti malo ao pabenchi, aja a pafupi ndi windo pomwe pamawala, awapeleka kwa membala watsopano. Iwo asunthila kukhomo. Bokosi la mphemvu azisungilamo misomali.

4. Msonkhano wotsatila
Loweluka pa 12 Okutobala 1996, malo omwewa. Tsikulo mzele wa woitanidwa sudzakhalapo. Pa opezeka padzalembedwa kuti a Rhoda Daka, kalipentala.

5. Kutseka
Msonkhano unatha 12 koloko masana. Anapemphela ndi a Rhoda Daka.

Wapampando: W. Mwanza
Mlembi: S. Daka, atawelengeledwa zonse ndi kuvomela kuti ndi momwe zinayendela.