Nsapato za Mkwati

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu. Ife kuno tilipo, kungoti mwendo wa amayi umavuta kukazizira. Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati foni yanga yafa. Foni mumayankha mukafuna, koma envulopu yokhala ndi kanthu kolimba mkati ndikudziwa kuti muitsegula. Kanthuko ndi fulashi, ndipo ndikupempha kuti muyambe mwamaliza kuwerenga musanaone zili m'menemo.

Nkhani yoyamba ndi yosangalatsa. Mlongo wanu uja mumamuseka kuti amangodziwa kudina batani la fotokope, wadzilumikizira kompyuta yokonzera zithunzi ndi mavidiyo ndi manja ake. Chifukwa chake mukuchidziwa, koma ndikukumbutsani poti anthu akakwatira mutu umadzaza.

Sitiroko itawagwira amayi, pakamwa panapotokera kumanzere, mwendo n'kulemera. Miyezi itatu yathunthu ankayeserera kuyenda kuchokera pabedi kukafika pakhomo, ndodo mbali ina ine mbali ina, n'cholinga choti pa ukwati wanu akavine popanda wowagwira. Ndipo anavinadi, ndinaona ndi maso angawa. Koma vidiyo itabwera, ya maola awiri athunthu, amayi akuonekamo kawiri kokha, koyamba msana, kachiwiri chigongono. Azakhali awo a alamu aja a chipewa chonga ambulera akuonekamo kakhumi ndi kanayi, ndinachita kuwerenga. Amayi anangoti wojambulayo anali ndi anthu ambiri, n'kundipempha kuti ndizimitse. Ine ndinapsa mtima.

Ndiulule kuti mlandu wonse ndinawasenzetsa alamu. Ndinkati ndi iwowo, ndi zikhadabo zawo zazitali zija, amene sanafune nkhope ya apongozi awo pafupi ndi keke. Ndinalumbira kuti amayi ndiwabwezera mu vidiyo, ndipo mkwatibwi ndimuchotsa mu ukwati wake womwe kuti amve mmene zimawawira.

Wojambula uja anakana kukonzanso. Anati iye anachita zimene anauzidwa, koma womuuzayo sanamutchule. Ndiye ndinayamba kukadyera nkhomaliro pabenchi la situdiyo yake, n'kumawafotokozera makasitomala ake nkhani ya amayi mwaulemu ndithu. Tsiku lachinayi anandikopera zonse zimene kamera inajambula, zosadula, kuti ndimuchokere pakhomo. Nditaziika pa kompyuta ya kuntchito inangouma ngati yaona mzukwa, bwana wanga n'kundiuza kuti zaukwati ndizikachitira kwathu.

Anandithandiza ndi a Mawaya, bambo wokonza makompyuta kuseri kwa shopu imene ndimagwirako ntchito. Anandiuza kuti munthu wa m'thumba mopepuka aziika mphamvu pa zinthu zitatu, purosesa yomwe ndi ubongo wake, ramu yomwe ndi tebulo logwirirapo ntchito, ndi khadi la zithunzi. Zina zonse akuti ukhoza kutola ngakhale kudzala. Bokosi ndinatenga lanu lija linali pansi pa bedi, la kompyuta imene amayi anakugulirani atagulitsa makina awo osokera muli ku koleji. Munali mphemvu zokwana mpingo, koma chitsulo chake n'cholimba. Mazabodi, thabwa lomwe zonse zimakhalapo, ndinaipeza pamodzi ndi purosesa ku ofesi ina yomwe inkagulitsa zakale. Ramu ndi timitengo tiwiri tosiyana makampani, koma tikugwirizana kuposa abale ena. Khadi la zithunzi anandigulitsa aneba athu, akazi awo atawaletsa magemu. Chatsopano ndinagula chimodzi chokha, kabokosi kogawa magetsi, chifukwa a Mawaya anati kakale kamawotcha nyumba. Miyezi iwiri ndinkapita ku ntchito wapansi, koma pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ndinalumikiza ndekha patebulo lodyera, amayi akundigwirira timasikuluu m'kasosala. Inayaka, ine n'kuvina, koma ndikangoyamba ntchito yolemera inkazima yokha. Masiku atatu ndinatukwana aneba mumtima kuti andigulitsa chakufa. A Mawaya atamasula fani yoziziritsa purosesa anapeza kuti sindinamatule kapulasitiki kapansi pake, kolembedwa ndi zilembo zofiira kuti uyambe wachotsa. Anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo mpaka lero akandiona amandifunsa ngati ndasenda.

Chimodzi chokha sindinagule, masipika. Ndinati adikire, kudula munthu sikufuna makutu. Choncho masabata atatu ndinagwira ntchito pa kompyuta yosalankhula, ndikuwadula alamu chidutswa ndi chidutswa, ndipo sindinama, zinkandikoma. Polowa m'tchalitchi ndinasiya mchira wa diresi wokha. Povekana mphete ndinasiya chala. Ndinapeza kuvina kwa amayi konse, mphindi zisanu ndi imodzi, kutajambulidwa chakumbali, n'kukuika pakati penipeni.

Loweruka lapitalo m'mawa a Mawaya anandipatsa mahedifoni akale olira khutu limodzi, kuti ndigwirizanitse nyimbo ndi mapazi a amayi. Pofufuza nyimboyo ndinatsegula kachidutswa kena komwe ndinkakadumpha nthawi zonse, chifukwa wojambula anaiwala kuzimitsa kamera ili lende m'khosi, ndipo kamangoonetsa simenti ndi nsapato. Nsapato zakuda zosongoka, achimwene. Ndinazidziwa msanga poti ndinazipolisha ndine m'mawa wa tsikulo. Ndipo m'khutu langa limodzilo munalowa mawu anu.

"Amayi musamawalozetse kamera kumaso. Vidiyoyi akaonera a kuntchito kwanga. Muziwatenga chakumbuyo basi."

Kenako mawu a alamu, aja ndakhala ndikuwadula masabata atatu: "Koma ndi amayi anu amenewo. Asiyeni awajambule, akuoneka bwino."

Inu n'kuyankha kuti, "Iwe sukudziwa. Pakamwa paja anthu azikaseka."

Ndinabwereza kasanu, mwina khutu lakufalo linali ndi mawu ena okuikirani kumbuyo. Munalibe. Ndinachita manyazi chifukwa cha alamu, ndipo chonde muwapepesere m'malo mwanga, muwauze kuti zikhadabo zawo ndi zokongola. Ndawabwezera onse, kuyambira chophimba kumutu mpaka nsapato, ndawawalitsanso nkhope pomwe panali mdima.

Koma luso ndinali nditaliphunzira kale, ndipo choipa chitsata mwini. Mu fulashimo mupeza ukwati wokongola kwambiri. Mkwatibwi akumwetulira, abusa akudalitsa, amayi akuvina, keke ikudulidwa ndi dzanja limodzi. Mkwati mulibe. Inu ndinakudulani mosavuta kuposa alamu, masiku awiri okha, poti dzanja linali litazolowera. Ndakusiyirani malo amodzi, kumapeto, pomwe pakuoneka nsapato zija ndi mawu ake omwe.

Poyamba ndinkafuna kukuopsezani kuti mukapanda kubwera, ndiwaveka amayi mahedifoni amve okha. Chida chimenecho chinandithyokera m'manja. Khadi la aneba lija ndi lamphamvu, limatha kukuza chithunzi ndi kuwalitsa pamene pali mdima. Mukafika pa nsapatopo muyang'ane pakona yakumanzere, m'munsi. Muona kumapeto kwa ndodo, kokulungidwa ndi tepi yofiira imene ndinakulunga ndekha kuti isaterereke pa simenti ya muholo. Ndodoyo yaima kumbuyo kwanu nthawi yonse mukulankhula. Mutangomaliza, ikubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, osagunda pansi mwamphamvu.

Ndiye ndinamvetsa chifukwa chake amayi atavina kamodzi kaja anakhala pansi mpaka kumapeto, mpango uli pakamwa. Nditawafunsa tsikulo anati muholo muli fumbi. Chaka chathunthu chatha akudziwa, akukupemphererani, akusunga chithunzi chanu cha suti pamwamba pa kabati, ine ndikulimbana ndi munthu wosalakwa. Ndalira, achimwene, ndipo ndikalira ine mumadziwa kuti zotsatira zake si zabwino.

Pempho langa ndi limodzi. Loweruka lomaliza la mwezi wamawa mubwere. Wojambula uja wavomera kundibwereka kamera, akuti bola ndisakadyerenso pabenchi lake. Mudzakhala pampando pafupi ndi amayi, kumanzere kwawo, mbali yopotokayo, tsaya lanu litagunda lawo, ndipo ndidzakujambulani chakumaso. Chithunzicho mukachiika pa tebulo la ku ofesi kwanu pomwe a kuntchito aja angachione. Mukatero ndidzakubwezerani mu ukwati wanu, zidutswa zanu zonse ndazisunga bwino. Mukapanda kubwera, vidiyo iyi ndi imene abale onse alandire, ndipo aliyense wofunsa kuti mkwati ali kuti ndidzamupatsa nambala yanu. Mlandu suola, ndipo kompyuta yanga siizimanso yokha.

A Mawaya akupereka moni, akuti bokosi lanu likanali ndi zaka khumi kutsogolo. Aneba akuti akufuna khadi lawo, ndawauza kuti akapemphe kaye kwa akazi awo. Alamu muwapatse moni wapadera, ndipo akafuna kubwera okha pakhomo m'potsegula.

Amayi aonera kuvina kwawo katatu dzulo masana. Kachitatuko anaseka mokweza, mpango uli pamwendo, osaukumbukira. Kenako anandifunsa kuti nanga mwana wanga ali kuti, ine n'kunama kuti kompyuta yotchipa imachedwa, sinamalize kukuikani. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Atamva kuti ndikukulemberani anandiuza kuti ndiike mawu awa: "Umuuze kuti asadzivute ndi ulendo ngati ntchito yamuchulukira. Umuuzenso kuti suti ija inamukhala bwino, ndinkamuona ndili kumbuyo."

Ndalemba mmene ananenera, sindinadule kanthu.

Ine mlongo wanu,
Tsabola