Kalata Imene Ndinaidinda M'dzina la Alembi

Lolemba, 9 Juni

Mutu ukuwawa. Kanema wa buku la Alembi athu watuluka Loweruka lapitali, lero makalata ndi mauthenga ngati mvula. Foni ya mu ofesi sinapume, tiyi mpaka anazizira m'kapu.

Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano ndikuyankha makalata a owerenga m'malo mwa Alembi. Iwo maso anafooka, komanso kunena zoona alibe nazo ntchito. Ine ndimataipa, n'kutenga chidindo cha siginecha yawo m'dilowa, phaa, mu envulopu. Lamulo la Abwana ndi limodzi: yankha ngati ndi buku lenilenilo likuyankhula.

Mkangano wonse uli pa mathero. M'buku lija lachikuto chofiira, mkazi amadikira mwamuna wake zaka khumi ndi chimodzi, mwamuna n'kutulukira patsamba lomaliza. Sewero la pasiteji linatsata zomwezo, anthu ankalira mpaka kuiwala zikwama m'holo. Koma a kanema asintha. Mwamuna agogoda, mkazi atsegula, amuyang'ana, atseka. Kenako akwatiwa ndi kalipentala wa nyumba yoyandikana nayo.

Mayi wina pafoni: "Mwatiphera buku lathu!" Bambo wina akudandaula kuti akachedwa kubwera kunyumba, mkazi wake wayamba kuyang'ana chitseko n'kumamwetulira. Mtsikana wina walemba mawu awiri okha: "Mwachita bwino." Ndaseka m'mawa wonse.

Kenako envulopu ya Mayi Osoka. Ndimaidziwa ndisanatsegule, nthawi zonse pamakhala tiulusi tomatirira paguluu. Ndawerenga kamodzi, ndaika m'chikwama. Kuseka kwathera pomwepo.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndatulutsa fayilo yawo. Makalata awo akale khumi ndi anayi, mayankho anga khumi ndi anayi.

Yachitatu ndi imene ikundidya mtima. Zaka zinayi zapitazo. Analemba kuti amuna awo anapita kutali kukafuna ntchito, papita zaka zisanu ndi chimodzi osamva kalikonse, ngakhale uthenga wa maliro. Ndiye panali Aphunzitsi ena, akazi awo anamwalira, munthu waulemu, ankabwera ndi mathalauza oti apindidwe chonsecho ndi opinda kale. Anawafunsira. "Amayi, ine ndilibe mayi wondilangiza. Inu amene mumadziwa mtima wa mkazi, ndiwayankhe chiyani?"

Yankho langa ndaliyala patebulo pano. "Mwana wanga, chikondi chenicheni sichiwerenga zaka. Dikira." Mawuwo ndinangokopera patsamba 212. Tsikulo ndikulikumbuka bwino chifukwa ndinkathamangira nsapato zotsika mtengo pa nthawi ya nkhomaliro, zisanathe. Mphindi khumi sizinakwane. Ati mwana wanga! Pamene mayiwo ndi aakulu kwa ine.

Ya dzuloyi ndi yaifupi. "Amayi, ndaonera kanema. Kodi mwasintha maganizo? Ngati munasintha, mukanayamba mwandiuza ine musanauze dziko lonse. Aphunzitsi aja anakwatira wina chaka chatha, diresi la mkwatibwi ndinasoka ndine. Ingondiuzani, ndipitirize kudikira?"

Manyazi ngati ndagwidwa ndikuba.

Lachitatu, 11 Juni

Ndataipa "Wokondedwa" kasanu ndi kawiri, ndafufuta kasanu ndi kawiri.

Lachinayi, 12 Juni

Ndinapita kwa Alembi ndi mtolo wa makalata ngati chonamizira. Ndinawapeza pakhonde akudula zikhadabo, wailesi pamiyendo. Ndinayamba ndi za anthu okwiya aja. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mathero aja ndinapempha ndine," anatero. "Buku lija ndinalemba ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, ndisanadziwe fungo la masokosi a mwamuna. Wanga woyamba atachoka ndinadikira miyezi itatu, wachinayi ndinagulitsa bedi."

Ndinawawerengera ya Mayi Osoka, yakale ija ndi yankho lake, kenako yatsopano. Anazimitsa wailesi.

"Ndinalemba zimenezo ine?"

Ndinati ndinalemba ndine, Amayi, m'dzina lanu.

"Ndiye ukufuna ine nditani, mwana iwe? Munthu wakhala akucheza ndi iwe zaka zonsezi. Ine sindimudziwa n'komwe."

Ndinawachonderera kuti alembe mizere itatu yokha ndi dzanja lawo, awauze kuti asiye kudikira. Anakana. Akuti akalemba iwo, mayiwo amveranso chifukwa ndi Alembi anena, ndiye tikhala tawathandiza chiyani?

Ndabwerako nditakwiya. Chondikwiyitsa kwambiri n'chakuti akunena zoona.

Lachisanu, 13 Juni

Abwana abwera ndi yankho limodzi loti lipite kwa onse: a kanema ali ndi njira zawo, koma buku lanu lokondedwa silinasinthe, likupezeka m'masitolo. Akusangalala, akuti mkangano ukugulitsa.

Ndinawatchulira za Mayi Osoka, pang'ono chabe. "Asisi, ife timasindikiza mabuku, si ife ankhoswe." Anatero akuyang'ana foni.

Ndinataipa makumi anayi ndi atatu, kudinda onse. Ya mayiwo ndinaidindanso, ndinamata, ndinafika nayo mpaka pabokosi la makalata. Yabwerera m'chikwama.

Loweruka, 14 Juni

Takaonera kanema uja masana ndi Bambo a ana. Ine ndinali ndisanamuone, ndimangoyankha za iye.

Sewero la pasiteji ndinalionera kawiri kalelo. Kumeneko zaka khumi ndi chimodzi zinkadutsa mosavuta: magetsi azima, ayaka, mkazi wavala nsalu ina kumutu, basi chaka chatha. Tinkawomba m'manja. Koma kanema alibe chisoni. Akukuonetsa pafupi mkazi akutsuka mbale ziwiri pamene wadya yekha. Akukuonetsa imvi yoyamba, akuizula pagalasi. Kudikira ndinali ndisanakuone nkhope, ine amene ndimakulembera anthu.

Atatseka chitseko chija holo inagawikana. Kumbuyo azimayi kukuwa, "Mukhomerenso loko!" Kutsogolo agogo ena anaimirira n'kutuluka akung'ung'udza kuti m'buku sizili choncho.

Panjira Bambo a ana akuti, "Iwe ungandidikire zaka zingati?" Ndinati mpaka madzi a tiyi awire. Anaseka, ine ayi. Ndiye ndinawauza zonse. Iwo akuti munthu wamkulu amafunsa buku za banja lake? Ndinawakalipira pamsewu pomwepo, anthu kumatiyang'ana. Sanafunse buku, anafunsa munthu. Kungoti munthuyo anali ine ndi nsapato zanga.

Lamulungu, 15 Juni

Nsapato zanga zija zinang'ambika chaka chomwecho.

Lolemba, 16 Juni

Ndinapempha theka la tsiku, ndati dzino. Adilesi ili pa envulopu: kuseri kwa sitolo ya utoto, chitseko chachitatu. Ndinanyamula siketi yanga yobiriwira yothina m'chiuno kuti ndikhale ndi polowera.

Kachipinda kopapatiza, mashini awiri, ena ovundikira ndi nsalu. Madiresi a ana asukulu pa waya. Mayi Osoka ndi aafupi, magalasi pamphuno, tepi pakhosi, mapini pakamwa. Ndinkayembekeza munthu wachisoni, koma ayi, ndi wanthabwala. Akundiyeza akuti, "Siketi ilibe mlandu, achemwali, mlandu uli ndi supuni."

Kenako ndinaona. Pakhoma pamwamba pa mashini, kalata yanga ija m'pepala la pulasitiki, yokhomedwa ndi mapini anayi. Pali ngakhale chilembo chimene ndinalakwitsa. Anaona kuti ndikuyang'ana.

"Anandilembera okha Alembi a buku lija. Amanditcha mwana wawo."

Ndinati oo, zabwino. Zabwino! Akuti ndidzatenge siketi Lachitatu. Ndinathokoza, ndinatuluka ngati wothawa galu. Mantha enieni, palibe dzina lina.

Lachiwiri, 17 Juni

Mu ofesi nkhani yasintha, tsopano akukangana ngati wosewera kalipentala ndi wokongola kuposa wa pasiteji. Mtsikana wa mawu awiri uja walembanso, akufunsa ngati ausiye ubwenzi wake. Ndamuyankha kuti afunse munthu amene amawadziwa onse awiri. Sindinadinde. Abwana akadziwa, adziwe.

Lachitatu, 18 Juni

Siketi inali yokonzeka, yosita, pa hang'ala. Akuti ndiyese kuseri kwa katani. Sindinayese. Ndinatulutsa chidindo m'chikwama, ndinatenga kapepala kodulira mapatani kanali pansi, phaa. Ndinawapatsa.

Anayang'ana kapepalako, anayang'ana pakhoma. Anachotsa mapini pakamwa imodzi imodzi.

Ndinanena zonse, mosakongoletsa. Kuti Alembi sanawerengepo kalata yawo mpaka sabata yatha. Kuti mawu aja ndi a patsamba 212. Za nsapato ndinanenanso, sindikudziwa chifukwa chake.

Anakhala pampando wa mashini. Kunja wina ankagubuduza zitini za utoto.

"Inu muli pabanja?"

Ndinati eya, zaka khumi ndi zisanu.

"Munayamba mwadikirapo munthu?"

Ayi.

"Ndiye zaka zanga zinayi munazilemba mphindi khumi."

Ndinati pepani, Amayi. Anati ndisawatche amayi, mawu amenewo atopa nawo. Sanalire. Ndinalira ndine, ngati kuti wolakwiridwa ndi ine, mpaka ndinadzida. Anandisiya ndilire, osandipatsa ngakhale kansalu, pamene m'chipindamo nsalu zili mbwee.

Kenako anafunsa, akuyang'ana singano, kuti ndikanakhala ine, Aphunzitsi aja ndikanawayankha chiyani. Ndinafuna kuzemba, kunena kuti sindinawadziwe. Koma ndazemba kokwanira. Ndinati ndikanavomera tsiku lomwelo.

"Inenso ndinkafuna kuvomera," anatero. "Ndinkangofuna wina andiuze kuti si tchimo."

Kasitomala analowa ndi diresi, anamuuza kuti abwere mawa. Anadzuka, anatseka chitseko, anakankhira nsalu mbali imodzi ya tebulo lodulirapo. Anang'amba tsamba pakati pa kope lolembamo miyezo, anandipatsa ndi cholembera.

"Sindinakukhululukireni, musaganize zimenezo. Koma inu kulemba mumadziwa. Kalata yopita kwa akuchimuna, yowauza kuti ine banja lija ndatulukamo, amayamba bwanji?"

Ndinakhala pansi. Ndinalemba tsiku pamwamba. Ndinati mawu akhale anu, ine ndingolemba. Anavomera ndi mutu. Ndiye ndinafunsa dzina la amuna awo, chifukwa m'makalata onse aja sanalitchulepo, ankangoti bambo akunyumba.

 Kenako analitchula, dzina loyamba lokha, lopanda "a" waulemu kutsogolo, ndipo anaimirira kumbuyo kwanga kuti aone ngati ndalemba bwino.