Malemu Bambo Akugwira Ntchito ku Valencia

Montevideo, mwezi wa Julaye

Okondedwa achimwene Osmel,

Landirani moni wochokera kuno kozizira. Muli bwanji inu, alamu a Yaíma ndi ana? Nanga amayi, miyendo ija yaphwa, kapena akungokubisirani monga mwa khalidwe lawo? Ine ndilipo, kungoti chifuwa chandikakamira kuyambira mwezi watha. Mphepo ya kuno imachokera kumtsinje n'kulowa mpaka m'mafupa, ndipo khoma la chipinda changa lachita chuku. Zaka zonsezi sindinazolowerebe kuvala majuzi awiri mu Julaye, mwezi umene kwathu kumatentha.

Kalatayi ndalemba pamanja ndipo ndapatsira Norge, mwana wa aneba athu aja, amene akubweretsanso mankhwala a amayi. Musadabwe. Nkhani ili m'munsimu sindingaiike pa foni kapena pa kompyuta ya kuntchito. Mukawerenga musaisiye patebulo, mukudziwa kuti amayi amawerenga chilichonse, ngakhale pepala lokulungira sopo.

Inu ndi ine sitinalankhulane bwinobwino chichitikireni zija za mu Febuluwale. Sindikupepesanso, ndinapepesa kale mpaka malovu kuuma. Maloya a bungwe limene limayang'anira pulogalamu yathu ya pa kompyuta ali ku Amereka, ndipo ndi iwo analamula kuti aliyense wokhala m'maiko amene ali pa chiletso cha boma la Amereka, monga dziko lathu, alandidwe makiyi olowera m'pulogalamuyo, ndipo zigamba zimene amatumiza zokonzera pulogalamuyo zisamalandiridwenso. Ine ndine wolembedwa ntchito, ndipo ntchito yotsegulira ndi kutsekera anthu ndi yanga. Tsiku lomwelo ndinatsekera mtsikana wa ku Iran uja ndi anyamata awiri a ku Russia. Inu ndinakusungani komalizira, ngati kuti zimenezo zikanathandiza kanthu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti pulogalamu imeneyi munaiyamba nawo ndinu, ine ndisanadziwe n'komwe poyatsira kompyuta. Munkandikhazika pambali panu pakhonde n'kumandiuza kuti iyi ndi ntchito ya tonse, aliyense angathe kuitsegula, kuona za m'kati, kukonza pamene pawonongeka, ndipo palibe wofunsa mnzake kuti kwanu n'kuti. Ndinakukhulupirirani. Lero zipatala zing'onozing'ono za m'maiko ambiri zikusungira kaundula wa mankhwala mmenemo, kuphatikizapo chipatala chimene amayi amapitako, koma amene anaimanga akukonza mafoni a anthu pansi pa mtengo wa mango.

Tsopano nkhani yake nayi. Mu Epulo kunatulukira munthu watsopano wotumiza zigamba. Dzina lake Evelio Rivero, akuti amakhala ku Valencia, ku Spain. Nditaona dzinalo ndinangoti mwina zangofanana. Kenako ndinatsegula chithunzi chake. Achimwene, ndinadzuka pampando n'kukaima pawindo nthawi yaitali. Ndi bambo, atavala malaya oyera aja a pa ukwati wanu, akumwetulira chotseka pakamwa pobisa dzino lothyoka lija. Munadula chithunzicho mosasamala, chifukwa phewa la amayi likuonekabe kumanzere, ndi diresi lawo lobiriwira.

Ndikudziwa kumene munatenga nzeru imeneyi. Ndi pasipoti yofiira ya ku Spain ija, imene bambo anaivutikira chifukwa cha agogo awo obadwira kumeneko, kupita ku likulu lathu la Havana n'kubwerera, kupita n'kubwerera, mpaka nsapato kutha. Anailandira, n'kuiika m'chitini cha mabisiketi, n'kumwalira asanakwerepo ndege. Ndiye mwawafikitsa ku Spain tsopano. Mwawapezeranso ntchito, munthu amene ankaopa ngakhale kukhudza limoti ya wailesi yakanema.

Ngakhale pakanapanda chithunzi ndikanakudziwani. Mkulu wa ku Valencia ameneyu amangosowa pa nthawi yomweyo imene magetsi athima kwanu ku Santa Clara, ndipo amatulukira akayaka. Mizere yake amaisanja ngati mmene mumasanjira zipangizo zanu patebulo, zazing'ono kutsogolo. Ndipo ndi munthu yekhayo pakati pathu amene amada nkhawa ndi zimene zingachitike magetsi akathima namwino ali pakati polemba mankhwala a wodwala.

Facundo, mnzanga wa kuno amene timakhala naye tebulo limodzi, ndiye anayamba kundiseka. Anaima kumbuyo kwanga ndi kachikho kamene sasiyana nako ka tiyi wowawa wa kuno wotchedwa mate, n'kuloza chithunzicho.

"Iwe Dayamí, mdala uyu si wakwanu? Dzina ndi lomwelo, mphuno ndi yomweyo. Tauza agogo akowa apume, akutichititsa manyazi ife anyamata."

Ndinamuyankha kuti a Rivero ndi ambiri padziko, ndipo munthu ameneyu sindimudziwa. Ndinanena zimenezi maso a bambo akundiyang'ana. Facundo anaseka n'kundipatsa mate, ine ndinamwa.

Zigamba zanu ndakhala ndikuzilandira, chifukwa ndi zabwino ndipo palibe chifukwa chozikanira chimene ndingalembe. Mwina ndikanangopitiriza kukhala chete. Koma inu simudziwa kugwira ntchito mobisala, mumafuna kuti ikhale yoposa ya aliyense. Sabata yatha pamsonkhano, Marit, mayi wa ku Norway amene amatitsogolera, ananena kuti a Evelio apatsidwe makiyi. Anati chichokereni Osmel sitinapezepo munthu womvetsa mbali imeneyi ngati iwowa, ndipo mawu ake anatsika potchula dzina lanu. Sanayang'ane kwa ine.

Vuto ndi lakuti masiku ano munthu asanalandire makiyi amayenera kuonekera pa kanema, nkhope yake ili apa, pasipoti ili m'manja, n'kusonyeza umboni wa kumene amakhala. Popeza ine ndimalankhula Chisipanishi, Marit wandipatsa ntchito yokonza msonkhano umenewo mwezi wamawa usanathe. Anachita kundiuza kuti ndiwalankhule mofatsa chifukwa achikulire ena amachita manyazi ndi kamera.

Ndiye tandiuzani, achimwene, ndiwaitanire kuti? Ndikatenge kamera ndikaike pamanda?

Zikadziwika, sadzafunsa inu, chifukwa inu anakuchotsani kale ndipo palibe china chimene angakulandeni. Adzafunsa ine, mwana wa Evelio Rivero, amene ndakhala ndikuvomereza ntchito ya bambo anga omwalira kwa miyezi ingapo. Ntchito idzatha tsiku lomwelo. Mapepala anga okhalira kuno sanatulukebe, ndipo amadalira ntchito imeneyi. Mankhwala amene Norge wanyamula nawonso amachokera pomwepo. Sindikukuwerengerani, ndikungonena mmene zilili. Ndipo asanandichotse, adzandiuza kuti nditseke kaye dzina la bambo, chifukwa ntchito imeneyo ikadali yanga.

Ndatopa, achimwene. Ndatopa ndi maboma awiri, lathu ndi la Amereka, amene anayambana ife tisanabadwe, ndipo onse amati akuchita zimenezi chifukwa chotikonda. Lina limakuthimitsirani magetsi, linalo limakutsekerani khomo, ine n'kumaima pakati ndi makiyi m'manja ngati mlonda. Anzathu akunja amalemba mawu ambiri otsutsa lamuloli, amakangana sabata yathunthu, kenako amapita kutchuthi.

Sindikukuimbani mlandu. Alamu anandiuza mmene munkakhalira mu Malichi, kuti munkatsegula kompyuta, n'kumaona zolakwika zimene mukanakonza khofi asanazizire, kenako n'kutseka osalankhula ndi munthu. Akuti chiyambireni zimenezi mwayambiranso kuimba mluzu posamba. Zimenezo ndazimva, ndipo n'chifukwa chake kalatayi ndaiyamba kangapo n'kumang'amba.

Palinso china chimene sindinauzepo munthu. M'mawa uliwonse ndikafika kuntchito ndimathamangira kuona ngati pali uthenga wonena kuti Evelio Rivero watumiza chigamba. Ukakhalapo ndimatsegula, ndimayang'ana kachithunzi kaja, ndipo tsiku limayamba bwino. Ukapanda kukhalapo ndimada nkhawa ngati kuti adwalanso. Mwaona mmene mwandipusitsira, ine amene ndikudziwa zoona zake.

Pempho langa ndi limodzi. Muwapumitse bambo. Mulembe uthenga umodzi m'dzina lawo, wothokoza Marit chifukwa cha ulemu umenewu, wonena kuti akula, maso akuvuta, ndipo akusiya. Palibe amene angakakamize nkhalamba. Mukatero mutseke nokha, ndi dzanja lanu. Ndinatsekera kale mchimwene wanga kunja, musandipatse ntchito yotsekeranso bambo anga.

Za mawa sindikulonjeza kanthu, chifukwa lamuloli si ine ndinaliika ndipo si ine ndingalichotse. Pulogalamuyo kuitenga ndi kuikonzera zipatala za kwathu palibe angakuletseni, ndipo mukatero muzilemba dzina lanu lenileni. Ndikudziwa kuti si zofanana ndi kukhala pamodzi ndi anzanu aja, musavutike kundiuza.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya ndipo sindinaonde, chithunzi changa chimene ndinawatumizira chija ndi kuwala chabe. Mapiritsi oyera azimwa m'mawa, asamagawireko aneba. Moni kwa alamu, nsapato za mwana wanu Liset zili m'thumba la Norge, ngati zakula aikemo pepala. Moni kwa azakhali a Onelia ndi kwa amalume a Reinier, ngati akundikumbukirabe.

Mukasankha tsiku lotseka mundidziwitse. Mungolemba pa foni kuti mango apsa, ndidzamva. Tsiku limenelo ndidzafika msanga kuntchito Facundo asanabwere, ndidzatsegula chithunzi chija, ndidzakhala ndi bambo mpaka chizimiririke. Maliro aja ndinalephera kubwera. Ulendo uno ndikufuna ndikhalepo.

Ndine mlongo wanu wotopa koma wokukondani,

Dayamí